Kuyeza ntchito ya wofufuza za matenda a ubongo: manambala titenge kuti, tiwawerenge bwanji?

Nachisale:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Komiti yoona zokweza anthu pa ntchito ikufuna njira yomveka yoyezera ofufuza a mbali ya matenda a ubongo ndi mitsempha. Ndiika chitsanzo chongopeka kuti tisaloze munthu chala. Woyamba ali ndi mapepala 60, h-index (nambala yophatikiza kuchuluka kwa mapepala ndi kutchulidwa kwake) 24 pa Google Scholar, wakhala akusindikiza kwa zaka 20. Wachiwiri ali ndi mapepala 25, h-index 11, zaka 7 zokha, ndipo ambiri ndi a khunyu ndi malungo a mu ubongo. Pa fomu pali malo atatu: mapepala, ma citation (kangati mapepalawo atchulidwa m'mapepala ena), ndi mgwirizano ndi ofufuza ena. Manambala a m'malo atatuwa atengedwe kuti, nanga awerengedwe motani kuti wina asaponderezedwe?

Mbewe (laibulale):
Mayi Nachisale, musanafike pa manambala yambani mwakonza mndandanda wa mapepalawo, chifukwa zolakwika zambiri zimabadwira pamenepo. Pa Scopus, kaundula wa mapepala a kafukufuku, mbiri ya wolemba imapangidwa ndi kompyuta, palibe munthu amene amakhala pansi n'kuona kuti pepala ili ndi la uje. Kwathu kuno a Banda, a Phiri ndi a Mwale ndi ankhaninkhani, ndiye "Banda M" mmodzi amapezeka atasenza mapepala a anthu atatu, wina wa zaulimi, wina wa HIV, wina wa sitiroko. Zimachitikanso kuti munthu mmodzi wagawidwa pa mbiri ziwiri kapena zitatu, makamaka amayi amene anasintha dzina atakwatiwa, kapena amene pa pepala lina analemba dzina lapakati, pa lina ayi. Wogawidwa chonchi h-index yake imatsika popanda mlandu.

Dzina la sukulu nalo limasokoneza. Amene ankalemba "College of Medicine, University of Malawi" anayamba kulemba "Kamuzu University of Health Sciences" kuchokera mu 2021, ena amawonjezera MLW (bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome) kapena Queen Elizabeth Central Hospital. Mukafufuza ndi dzina latsopano lokha, ntchito ya zaka zonse zam'mbuyo imasowa.

Ndiye wopempha kukwezedwayo apereke ORCID yake, chiphaso cha wofufuza cha manambala 16, ndi mndandanda wokhala ndi DOI kapena PMID (manambala ozindikirira pepala) pa pepala lililonse. Inu ikani mu Excel, pepala lililonse mzere wake, muyerekeze ndi zimene zili pa Scopus ndi PubMed, kaundula wa mapepala azachipatala. Lomwe lili pa Scopus koma mwiniwake sanalitchule, mufunseni ngati ndi lake. Mbiri zogawika mwiniwake atha kupempha Scopus kuti iziphatikize, n'zaulere, koma sizichitika tsiku lomwelo, choncho auzidwe komiti isanayandikire kukumana.

Pa PubMed samalani ndi zaka. Mapepala a chaka cha 2014 chisanafike amaonetsa adiresi ya wolemba woyamba yekha, ndiye mukafufuza ndi adiresi, polemba Malawi[ad], simupeza pepala la 2009 lomwe Mmalawi anali wachitatu ndipo woyamba anali wa ku Liverpool. Mayina athunthu a olemba anayamba kulowetsedwa mu 2002, kumbuyoko ndi zilembo zoyamba zokha.

Dokotala Jere:
Ndiwonjezere pa zimene anena a Mbewe. Pa mapepala 60 aja, onani kuti enieni ndi angati. Ku mbali yathu kuli msampha wodziwika. Zidule zomwe anthu amakaonetsa ku msonkhano wa pachaka wa American Academy of Neurology zimasindikizidwa m'kope lapadera la journal ya Neurology, ndipo pa Google Scholar zimaoneka ngati pepala la mu Neurology ndithu. Mudzazizindikira pa mutu wake, kumapeto kumakhala kachizindikiro ka chilembo P kapena S ndi manambala. Ndi ndime imodzi kapena ziwiri, sizinadutse mwa owunika ngati mmene limadutsira pepala lathunthu. Zidule za World Congress of Neurology nazo zimatuluka mu Journal of the Neurological Sciences. Si chinyengo kuzilemba pa CV, koma zikhale pa gawo lake. Mu Excel mwanumo ikani danga la mtundu: kafukufuku watsopano, review, lipoti la wodwala mmodzi, kalata, ndemanga ya mkonzi, chidule cha ku msonkhano.

Nangozo:
Pepani akuluakulu, ine ndine wamng'ono pa zimenezi. N'chifukwa chiyani munthu mmodzi yemweyo amakhala ndi h-index zitatu zosiyana? Yoona ndi iti?

Gondwe:
Achemwali a Nangozo, zonse ndi zoona, kungoti aliyense akuwerenga m'kaundula wake. Kawerengedwe kake ndi kamodzi, kanabwera ndi Jorge Hirsch mu 2005. Sanjani mapepala kuyambira lotchulidwa kwambiri kutsika pansi. Tiyerekeze munthu ali ndi 12 ndipo atchulidwa motere: 310, 95, 44, 30, 18, 11, 9, 7, 4, 2, 1, 0. Tsikani mukuwerenga. Lachisanu ndi chiwiri lili ndi 9, lakwana. Lachisanu ndi chitatu lili ndi 7, silinafike 8. Ndiye h ndi 7. Ma citation onse pamodzi ndi 531, ndipo i10 ija ya Google Scholar, yowerenga mapepala ofika 10, ndi 6.

Tsopano chotsani pepala la 310 lija. Chiwerengero chonse chagwa kufika 221, koma h ikadali 7. Pamenepo ndi pomwe h-index ili ndi ubwino, pepala limodzi silingaikoke. Kuipa kwake n'kwakuti siitsika, imangokwera ndi zaka ngakhale munthu atasiya kufufuza kalekale, ndipo siingapose chiwerengero cha mapepala. Wamapepala 8 abwino kwambiri sangadutse h ya 8. Hirsch yemweyo anapereka njira yochepetsera vuto la zaka: gawani h ndi zaka zimene zapita chisindikizireni pepala loyamba. Pa chitsanzo cha mayi Nachisale, 24 kugawa 20 ndi 1.2, pomwe 11 kugawa 7 ndi pafupifupi 1.6. Mwaona kuti amene amaoneka wotsalira uja akuthamanga kwambiri.

Kusiyana kwa makaundula kuli apa. Google Scholar imatola chilichonse chooneka ngati cha maphunziro pa intaneti: ma thesis, malipoti, ma preprint (mapepala omwe sanawunikidwe), mabuku. Scopus ndi Web of Science zimawerenga zochokera m'ma journal omwe zinasankha. Ndiye ya Google imakhala pamwamba pafupifupi nthawi zonse. Lamulo ndi limodzi basi, anthu awiri ayezedwe ndi kaundula mmodzi. Kutenga 24 ya Google n'kuiyerekeza ndi 11 ya Scopus ndi kulakwira munthu.

Mbewe (laibulale):
Komanso mbiri ya pa Google Scholar amaisamala ndi mwiniwake. Akasiya batani lowonjezera mapepala lokha lili chiyakire, imadzaza ndi za anthu ena a dzina lofanana. Ndipo ilibe chipata cholimba. Mu 2010 Cyril Labbé wa ku Grenoble anapeka wolemba wotchedwa Ike Antkare, n'kuika pa intaneti mapepala abodza olembedwa ndi kompyuta omwe ankatchulana okhaokha, h-index ya munthu wosakhalapoyo inafika 94. Sindikunena kuti muitaye. Kwa ife ili ndi ntchito, chifukwa imaona ma thesis ndi ma journal a pa AJOL (African Journals Online), omwe ena sali pa Scopus. Koma ikhale yachiwiri, ndipo wina aiyang'ane mzere ndi mzere.

Dokotala Jere:
Ine nkhawa yanga yaikulu ili pa kusiyana kwa matenda omwe anthuwa akufufuza. Dzina loti matenda a ubongo likuphimba magulu osafanana kukula. Ofufuza za Alzheimer, multiple sclerosis kapena majini ndi khamu lalikulu, amasindikiza mapepala zikwizikwi pa chaka, ndiye pepala wamba limatchulidwa msanga. Ofufuza za malungo a mu ubongo ndi ochepa. A konzo, matenda opuwalitsa miyendo aja obwera ndi chinangwa chowawa chosakonzedwa bwino, omwe anabuka ku Nampula mu 1981, ndi ochepetsetsa, pafupifupi onse amadziwana. Pepala la konzo ngakhale litakhala labwino chotani, oti alitchule ndi owerengeka. Kuika awiriwa pa sikelo imodzi kuli ngati kuyerekeza zokolola za m'dimba ndi za pa esiteti n'kunena kuti wadimba ndi waulesi.

Ndipo pali ntchito ina imene ma citation saiona n'komwe. Tengani Blantyre Coma Score (BCS), njira yoyezera kukomoka kwa mwana. Inachokera m'pepala la 1989 la Molyneux, Taylor, Wirima ndi Borgstein, la ana 131 okomoka ndi malungo. Namwino amaona ngati mwana akutsatira ndi maso nkhope ya mayi ake, apereka 1 kapena 0. Amva kulira kwake, 0 mpaka 2. Amutsina kapena kumukanikiza pachifuwa kuona ngati dzanja lipita pomwe pakupwetekapo, 0 mpaka 2. Zonse pamodzi 5, ndipo 2 kutsika pansi ndiye kukomoka kwenikweni. Zimenezi zimalembedwa m'mafayilo a ana tsiku ndi tsiku ku Gulupu ndi m'zipatala zambiri za mu Africa, palibe kaundula amene amawerenga. Ngakhale m'mapepala, ambiri amangolemba "BCS" osatchulanso gwero, chifukwa chasanduka chinthu cha aliyense. Glasgow Coma Scale ya Teasdale ndi Jennett ya 1974 nayo ndi chimodzimodzi.

Tengani linanso, la Taylor ndi anzake mu Nature Medicine mu 2004. Anapima matupi a ana 31 omwe anamwalira madokotala akuti ndi malungo a mu ubongo, n'kupeza kuti 7 anafa ndi zina. Pamodzi ndi ntchito yoyang'ana kuseri kwa diso, zimenezi zinasintha mmene ofufuza amasankhira ana olowa m'kafukufuku. Kenako la Seydel ndi anzake mu New England Journal of Medicine mu 2015, atagwiritsa ntchito MRI ku Blantyre: pa ana 168, 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo ubongo unali utatupa kwambiri, pomwe mwa opulumuka anali 27 pa 100 aliwonse. Funso loyenera pa pepala ngati limeneli ndi lakuti linasintha chiyani pa kaganizidwe ndi kachizidwe. Komiti yosawerenga mapepala siingayankhe.

Gondwe:
Adokotala, pa kusiyana kwa magulu ndikugwirizana nanu, koma zida zochepetsera vutoli zilipo, tisataye manambala onse. Yosavuta ndiponso yaulere ndi iCite ya NIH, bungwe la boma la America la kafukufuku wa zaumoyo. Mumamata ma PMID onse, imakupatsani Relative Citation Ratio (RCR) ya pepala lililonse. Iyo siyerekeza pepala ndi journal yomwe linatulukamo, imaliyerekeza ndi mapepala omwe amatchulidwira limodzi nalo. Ndiye pepala la khunyu limayezedwa ndi anzake a khunyu. RCR ya 1.0 ndiye pakatikati pa mapepala olipiridwa ndi NIH, 2.0 ndi kuwirikiza kawiri. Malire ake: imagwira za pa PubMed zokha, ndipo pepala longotuluka kumene nambala yake siinakhazikike, musaidalire.

Ina ndi FWCI (Field-Weighted Citation Impact) ya Scopus ndi SciVal. Imayerekeza ndi mapepala a chaka chomwecho, mtundu womwewo ndi gawo lomwelo, kuwerenga chaka chosindikiza ndi zitatu zotsatira. 1.0 ndiye avereji ya dziko lonse. Vuto lake ndi lomwe mwanena lija, gawo lake ndi lotakata, "clinical neurology" imaika konzo ndi Alzheimer m'dengu limodzi. Choncho pa nkhani yathu RCR ili bwinoko.

Chofunika kwambiri, pa mapepala 25 musatenge avereji. Ma citation sagawika mofanana, ochepa amatenga zambiri, ndiye pepala limodzi la RCR 40 lidzakweza avereji yonse. Tengani nambala yapakati mutasanja, kenako muwerenge kuti ndi angati adutsa 1.0.

Dokotala Jere:
A Gondwe, RCR ndaivomera ngati chothandizira. Koma ikadali kuwerenga amene amalemba mapepala, osati amene amachiza. WHO imati anthu a khunyu ndi pafupifupi 50 miliyoni ndipo pafupifupi 80 pa 100 aliwonse ali m'mayiko osauka ndi apakati. Wofufuza amene wasonyeza mmene kiliniko ofesala wa pa chipatala chaching'ono angayambitsire phenobarbital kapena carbamazepine ndi kutsatira wodwala mosadukiza, n'kulemba mu Malawi Medical Journal, ntchito yake ikhoza kulowa m'buku la malangizo a Unduna koma RCR yake n'kukhala 0.4. Fomu ikhale ndi malo oti munthu asonyeze umboni wotere: tsamba la malangizo a dziko kapena a WHO pomwe pepala lake latchulidwa, maphunziro a anamwino omwe anasinthidwa, chida chopimira chomwe anachimasulira n'kuchiyesa pa odwala athu.

Gondwe:
Pamenepo palibe mtsutso. Changa n'chakuti umboniwo ukhale wogwirika, osati mawu okha.

Tembo (Lusaka):
Ndalowa mochedwa, koma danga lachitatu lija la mgwirizano ndi limene limanamiza kwambiri. Makomiti ambiri amangowerenga kuti mapepala angati ali ndi wolemba wa kunja, peresenti ikakwera ati munthuyu ndi wodziwika. Kwa wofufuza wa ku Lusaka kapena Blantyre nambala imeneyi imakhala yokwera pafupifupi kwa aliyense, poti ndalama zambiri za kafukufuku zimachokera kunja. Siisiyanitsa amene anayambitsa funso ndi amene anangotolera magazi ndi kudzaza mafomu.

Muone malo amene dzina lili. M'mapepala azachipatala woyamba ndiye amene anasenza ntchito ndi kulemba, womaliza ndiye mkulu woyang'anira, ndipo pali wolandira makalata. Hedt-Gauthier ndi anzake anaunika mapepala a zaumoyo a mu Africa a 2014 mpaka 2016, n'kusindikiza mu BMJ Global Health mu 2019, anapeza kuti pakakhala mgwirizano ndi mayunivesite akuluakulu a ku America, eni dziko amachepa pa malo oyamba ndi omaliza, amatsalira pakati. Ndiye mu Excel muja onjezani danga la malo: woyamba, wachiwiri, wapakati, womaliza. Pa PubMed [1au] imakupatsani omwe munthu ali woyamba, [lastau] omwe ali womaliza. Koma tsegulani pepalalo, chifukwa pakakhala kanyenyezi koti awiri oyamba anagwira ntchito mofanana, kaundula amangowerenga woyambirira uja.

Kenako sanjani ndi zaka. Mukufuna kuona ulendo: zaka zoyamba pakati, kenako poyamba, kenako pomaliza ophunzira ake ali poyamba. Munthu wa zaka 20 amene akadali pakati pa mapepala onse, funso lilipo. Mwina sapatsidwa mpata, mwina satsogolera. Ma journal ambiri tsopano ali ndi ndime yofotokoza zimene aliyense anachita, ena amatsatira CRediT, mndandanda wa maudindo 14 a olemba. Werengani ndime imeneyo. "Conceptualization" ndi "Writing, original draft" zikunena zina, "Resources" yokha ikunena zina.

Nachisale:
Bambo Tembo, mwakhudza pomwe pali nkhani. Tinene kuti pa mapepala 60 a woyamba uja, 18 ndi a Global Burden of Disease (GBD), kafukufuku wa kuchuluka kwa matenda pa dziko lonse, olemba mazanamazana. Amenewo tiwatani?

Gondwe:
Amenewo ndiwo amasokoneza h-index yeniyeniyo. Ndinati pepala limodzi silingaikoke, koma 18 otchulidwa mazana kapena zikwi lililonse ndiye kuti h yayambira pa 18 munthu asanatsogolere kafukufuku ndi mmodzi yemwe. Mapepalawo ndi ofunika, monga la 2024 mu Lancet Neurology lomwe linati anthu 3.4 biliyoni, 43 pa 100 aliwonse, anali ndi vuto lokhudza ubongo kapena mitsempha mu 2021. Koma gawo la wolemba wa nambala 600 nthawi zambiri ndi kupereka deta kapena ndemanga pa zolembedwa kale.

Njira zake ziwiri. Yoyamba, werengani kawiri, h ndi onse, kenako h mutachotsa mapepala a olemba opitirira malire omwe komiti yagwirizana, kaya 50 kaya 100. Malirewo agwirizanidwe mafomu asanatsegulidwe, osati mutaona kale mayina. Yachiwiri ndi kugawa: ma citation a pepala agawidwe ndi chiwerengero cha olemba. La olemba 800 lotchulidwa ka 4,000 lipatsa aliyense 5. La olemba 5 lotchulidwa ka 60 lipatsa aliyense 12. Kugawaku nako sikolungama kwenikweni, chifukwa amene anatsogolera kuyesa mankhwala m'zipatala khumi amalandira gawo lofanana ndi wina aliyense, ndiye muziwerenga pamodzi ndi malo a dzina aja anena a Tembo.

Mbewe (laibulale):
Pa mapepala a magulu pali kanthu kena. Nthawi zina wolemba ndi dzina la gulu, anthu ali pansi pa mutu woti Collaborators. PubMed imawasunga padera, pa [ir]. Mukangolemba dzina popanda chizindikiro, imabweretsa zonse pamodzi, olemba ndi othandizira, ndiye chiwerengero chimafufuma. Makaundula enawo sagwirizana pa kawerengedwe ka mayina amenewa, wina awerenga wina asiya, n'chifukwa china chomwe manambala amasiyanirana.

Ofuna chithunzi cha mgwirizano, pulogalamu ya VOSviewer ya ku Leiden ndi yaulere. Tulutsani mapepala ku Scopus ngati CSV, kapena ku PubMed, musankhe co-authorship, kenako olemba, mabungwe kapena mayiko. Pali bokosi losiya mapepala a olemba ambiri, limabwera lili pa 25, lisiyeni lochongedwa, apo ayi pepala limodzi la GBD lidzadzaza chithunzi chonse ndi madontho. Konzaninso fayilo ya thesaurus, mizati iwiri yokha, "label" ndi "replace by", kuti "Coll Med", "Univ Malawi Coll Med" ndi "KUHeS" zikhale dontho limodzi. Mukapanda kutero sukulu imodzi idzaoneka ngati mabungwe asanu ogwirizana okhaokha.

Tembo (Lusaka):
Ndipo pa chithunzicho musamangosirira kuchuluka kwa mizere. Bisani dontho la mphunzitsi wake wa PhD muone chotsala. Ngati zonse zagwa, ndiye kuti maubale onse amadutsira mwa munthu mmodzi. Ngati patsala timagulu tiwiri kapena titatu, wina wa ana, wina wa zojambula ubongo, wina wa ku Zambia kapena Uganda, munthuyo waima payekha. Ine ndimalemekeza kwambiri mzere wa Blantyre ndi Lusaka kapena Blantyre ndi Kampala womwe sukudutsira ku London, chifukwa umavuta kuumanga, ndalama zake n'zochepa. Onaninso kubwereza. Kulemba ndi munthu kamodzi n'kosavuta, kulemba naye kanayi pa zaka zisanu ndiye mgwirizano.

Nangozo:
Nanga kudzitchula wekha? Ena amati ndi kuba.

Gondwe:
Si kuba ngati ntchito yatsopano yamangidwa pa yakale, makamaka m'gulu laling'ono ngati la konzo lija, komwe mapepala oyenera kutchulidwa ndi a anthu omwewo. Ioannidis ndi anzake atasindikiza kaundula wa asayansi otchulidwa kwambiri mu 2019, pakatikati pa kudzitchula, kuphatikiza kutchulidwa ndi olemba nawo, panali 12.7 peresenti, koma ena osachepera 250 anadutsa theka. Pa Scopus, mu Citation overview, pali posankha kuchotsa kudzitchula, Web of Science nayo imaonetsa chiwerengero chopanda kudzitchula. Google Scholar ilibe zimenezo. Lembani manambala onse awiri. H ikatsika kuchoka pa 24 kufika 22, palibe nkhani. Ikatsika kufika 14, tsegulani muone amene akutchula ndani, pena mumapeza kagulu ka anthu anayi ongotchulana.

Dokotala Jere:
Muonenso ngati palibe pepala lomwe linachotsedwa. Kutchulidwa kwambiri si umboni woti pepala ndi loona. La Lesné ndi anzake mu Nature mu 2006, la puloteni ya Aβ*56 ndi kuiwala mwa mbewa, linatchulidwa kupitirira ka 2,000. Mu 2022 magazini ya Science inaonetsa kuti zithunzi zake zinali zokayikitsa, ndipo mu 2024 linachotsedwa. Ma citation onsewo sanafufutike m'makaundula. PubMed imaika chidindo chofiira pa pepala lochotsedwa, ndipo kaundula wa mapepala ochotsedwa wa Retraction Watch ndi waulere kuchokera pomwe Crossref inamutenga mu 2023. Mukapeza, werengani chifukwa chake. Wolemba amene anadzipezera yekha cholakwa m'mawerengero n'kupempha kuti pepala lichotsedwe sayenera kuweruzidwa ngati wosintha zithunzi.

Nachisale:
Zikomo kwambiri nonse. Fomu yakale inkapereka mapointi potengera impact factor ya journal. Ibwerere kapena ichoke?

Mbewe (laibulale):
Ichoke pa kuyeza munthu. Impact factor ya 2023 ndi ma citation a mu 2023 opita ku zomwe journal inasindikiza mu 2021 ndi 2022, kugawa ndi chiwerengero cha mapepala a zaka ziwirizo. Ndi avereji ya journal, yokokedwa ndi mapepala ochepa otchuka. Lancet Neurology inali pamwamba pa 40 kuyambira 2020 mpaka 2023, koma si pepala lililonse la m'menemo limene limafika pamenepo. Ndipo zaka ziwiri n'zochepa pa kafukufuku wotsatira ana kwa zaka kuona ngati adzayamba khunyu atachira malungo, ngati uja wa Birbeck ndi anzake wa 2010. DORA, chikalata cha ku San Francisco cha 2012 chokhudza kuyeza kafukufuku, inanena poyera kuti nambalayi isagwiritsidwe ntchito polemba kapena kukweza anthu, ndipo Leiden Manifesto ya 2015 mfundo yake yoyamba ndi yakuti manambala azithandiza chiweruzo cha akatswiri, asachilowe m'malo.

Chomwe muyenera kufunsa za journal ndi chakuti ndi yeniyeni kapena ndi ya ongofuna ndalama. Kupezeka pa PubMed pakokha sikukwanira, chifukwa pepala litha kulowamo kudzera mu PMC (PubMed Central, nkhokwe ya mapepala athunthu) poti wopereka ndalama anafuna choncho, journal yake isali yovomerezeka. Pitani pa NLM Catalog muone ngati palembedwa kuti "Currently indexed for MEDLINE". Onaninso DOAJ (kaundula wa ma journal owerengedwa kwaulere), komanso mndandanda wa ma journal omwe Scopus inasiya kuwalandira. Yosapezeka m'malo amenewa musafulumire kuitcha yabodza, ma journal ena abwino a mu Africa ali pa AJOL pokha. Onani akonzi ake ngati ndi anthu odziwika, ndi masiku pakati pa kulandira ndi kuvomereza pepala. Masiku atatu ndiye kuti palibe anawunika.

Dokotala Jere:
M'malo mwa mapointi amenewo, munthu asankhe yekha mapepala ake asanu, pa lililonse alembe mizere yochepa: funso linali lotani, iye anachita chiyani, chinasintha n'chiyani. Akatswiri awiri, mmodzi wa kunja kwa sukulu, awerenge mapepalawo enieniwo. Mmodzi akhale wodziwa matenda amene akukambidwa. Wodziwa za sitiroko akhoza kuona ana 60 a malungo a mu ubongo ngati chiwerengero chochepa, osadziwa kuti kupeza ana otere, kuwayang'ana m'maso ndi kuwajambula EEG kumatenga nyengo ziwiri kapena zitatu za dzinja.

Nangozo:
Pa kugawa h ndi zaka kuja, mayi amene anapita kutchuthi cha uchembere kawiri, kapena dokotala amene masiku anayi pa sabata ali ku wodi ndi ku kiliniki, zaka zake ziwerengedwa chimodzimodzi?

Gondwe:
Ayi, chotsani. Fomu ifunse miyezi imene munthu sanali pa ntchito ndi gawo la nthawi yomwe kalata yake ya ntchito inapereka ku kafukufuku. Wa zaka 7 amene miyezi 12 anali patchuthi, gawani ndi 6, ndiye 11 kugawa 6 ndi 1.8. Gawo la nthawi musaliike m'masamu, limasokoneza, ingolilembani pambali pa nambala kuti owerenga aone kuti uyu ndi wa tsiku limodzi pa sabata, uyo ndi wa masiku asanu. Chaka choyambira muchionenso bwino. Wina dzina lake linalowa pa pepala ali wophunzira wa chaka chachinayi, kenako panapita zaka zisanu ndi chimodzi akugwira ntchito pa chipatala cha boma osalemba kanthu. Komiti igwirizane ngati iyambira pa pepala loyambalo kapena pa chaka chomaliza PhD kapena MMed, ndipo ikhale njira imodzi kwa onse.

Mbewe (laibulale):
Mayi Nachisale, ngati sukulu ilibe Scopus yolipira, Scopus Preview imaonetsa kwaulere chiwerengero cha mapepala, ma citation ndi h ya wolemba, kungoti simungachite zambiri kuposa pamenepo. OpenAlex, yomwe inayamba mu 2022, ndi yaulere ndipo mutha kutulutsa mndandanda, koma nayo imasakaniza mayina ofanana, ndiye fufuzani ndi ma DOI a mu Excel muja, osati ndi dzina. Manambala a anthu onse atengedwe tsiku limodzi ndi munthu wa ku laibulale, osati aliyense kubweretsa ake, chifukwa amasintha sabata ndi sabata. Pansi pa fomu palembedwe kaundula, tsiku, ndi malire a olemba omwe munagwiritsa ntchito, ndipo wopemphayo apatsidwe tsamba lake aone ngati palibe pepala losowa kapena la wina, asayine komiti isanakhale pansi.